MWANA WA NG'ONA SAKULIRA DZIWE LIMODZI

Kumapeto kwa caka ca 1943, pamene nkhondo yaciwiri ya dziko lonse inali ikali kuyaka, mu mzinda wa Moscow munacitika mpikisano wa masewera a chess wofuna kupeza ngwazi ya mzindawo. Panali patapita zaka ziwiri zokha kucokera pamene asilikali a Germany anafika pafupi ndi mzindawo. Cakudya cinali cocita kupimira, ndipo mzinda wina waukulu wa dzikolo, Leningrad, unali ukali wozingidwa ndi adani. Koma mpikisanowo unacitika ndithu, nutha kuciyambi kwa caka ca 1944. Nkhani ya masewera amodzi a mu mpikisano umenewo iyenera kumveka kwa makolo, aphunzitsi, mafumu ndi makhansala a m'Cigawo ca Kum'mawa, pakuti muli phunziro lokhudza ana ao.

Anthu awiri amene anakhala moyang'anana tsiku limenelo anali Mikhail Botvinnik ndi Vasily Smyslov. Botvinnik, wobadwa mu 1911, anali injiniya wa magetsi wocokera ku Leningrad, ndipo pa nthawiyo ndiye anali kuoneka wamphamvu koposa onse m'dziko la Soviet Union. Smyslov anali mnyamata wa mu Moscow momwemo, wa zaka 22. Iye anayamba kudziwika mu 1938, pamene ali ndi zaka 17 anagawana malo oyamba ndi mnzace mu mpikisano womwewo wa mzinda wa Moscow.

Kwa awo amene sanaonepo chess, nkoyenera kulongosola pang'ono. Aseweredwa ndi anthu awiri pa bolodi la zipinda 64, zoyera ndi zakuda. Munthu aliyense ayamba ndi ankhondo 16: mfumu, mfumukazi, akavalo awiri, mabishopu awiri, zinsanja ziwiri zimene osewera azicha rook, ndi asilikali wamba 8. Osewera asinthana kusuntha, kamodzi kamodzi, ndipo wopambana ndi uyo amene watsekereza mfumu ya mnzace kotero kuti isowe kothawira. Akatswiri awerengera mtengo wa ankhondowo motere: msilikali wamba 1, kavalo 3, bishopu 3, rook 5, mfumukazi 9.

Smyslov anali ndi ankhondo oyera, Botvinnik anali ndi akuda. Anayamba ndi njira yakale yochedwa Ruy Lopez, dzina la wansembe wa ku Spain amene analemba za njirayo m'zaka za m'ma 1500. Kusuntha kwao koyamba kunali kodziwika kwa wosewera aliyense wa maphunziro. Koma pa kusuntha kwa nambala 11, Botvinnik anacita cinthu codabwitsa. Anaponya kavalo wace pafupi ndi mfumu ya Smyslov, nadya msilikali wamba, podziwa bwino lomwe kuti kavaloyo adzadyedwa pomwepo. Potsiriza pace anapereka kavalo ndi bishopu, iye nalandira rook ndi msilikali mmodzi. Powerengera, mtengo ulingana: 6 mbali iyi, 6 mbali inayo. Cimene Botvinnik anagula ndi malonda amenewo cinali mpata, pakuti khomo la mfumu ya Smyslov linatseguka, ndipo ankhondo ena oyera anali akali kumbuyo, osalowa m'nkhondo.

Nzeru imeneyi sinali ya Botvinnik mwini. Anaitenga kwa Mngelezi wina, Vernon Dilworth, munthu wamba amene sanali katswiri wochuka, koma amene anaifufuza njirayo nalemba zimene anapeza. Mpaka lero mabuku a chess aicha njirayo ndi dzina lace.

Mnyamata wina akanacita mantha poona munthu wamkulu wotero ali kumgwera ndi njira yacilendo. Smyslov sanabalalike. Anachinjiriza mfumu yace modekha, natulutsa ankhondo ace otsalira mmodzi mmodzi, nadikira kufikira mphepo itaphwa. Pamenepo ankhondo ace awiri aja anayamba kuonetsa mphamvu zao, ndipo Smyslov anapambana. Ngakhale zinatero, Botvinnik sanataye mtima. Anapitiriza kusewera ndi enawo mwamphamvu, natsiriza mpikisano ali woyamba, Smyslov ali waciwiri.

Nkhani siinathere pamenepo. Mu 1948 Botvinnik anakhala ngwazi ya dziko lonse lapansi. Anthu awiriwa anakomananso katatu polimbirana mpando umenewo. Mu 1954 analingana mphamvu, 12 kwa 12, mpando nukhalabe kwa Botvinnik. Mu 1957 Smyslov anaulanda. Mu 1958 Botvinnik anaubweza. Motero masewera a mu mpikisano wa mzinda umodzi, ocitika m'nyengo ya njala ndi cisanu, anali ciyambi ca makani amene dziko lonse linadzaonerera patapita zaka khumi.

PHUNZIRO LACE

Cinthu coyamba cooneka m'nkhaniyi ndi cakuti ngwazi sizigwa kucokera kumwamba. Smyslov anapezeka cifukwa mzinda wace unali ndi mpikisano wocitika kawirikawiri, kumene mnyamata wa zaka 17 anali ndi ufulu wokhala pa bolodi limodzi ndi akuluakulu. Pakadapanda mpikisanowo, akadakhala katswiri wa m'nyumba ya atate wace cabe. Caciwiri ndi cakuti nzeru ilibe mwini: munthu wamphamvu koposa sanacite manyazi kuphunzira kwa munthu wamba wa dziko lina. Cacitatu ndi cakuti kugonja kamodzi si kutha kwa munthu, pakuti wogonja tsiku lija ndiye anatsiriza ali patsogolo.

M'masiku a Botvinnik ndi Smyslov kunalibe nambala ya dziko lonse yoyesera mphamvu za osewera. Nambala yotere, yochedwa rating, inadza ndi Arpad Elo, mphunzitsi wa sayansi wobadwira ku Hungary amene anakhala ku America. Bungwe la chess la ku America linayamba kuigwiritsa nchito mu 1960, ndipo FIDE, bungwe loyang'anira chess pa dziko lonse limene linakhazikitsidwa ku Paris mu 1924, linailandira mu 1970.

Kayendedwe kace nkosavuta kumva. Wopambana alandira pointi 1, olingana mphamvu alandira theka aliyense, wogonja salandira kanthu. Ngati anthu awiri ali ndi nambala zofanana, aliyense ayembekezedwa kutenga theka la mapointi. Ngati wina aposa mnzace ndi 200, ayembekezedwa kutenga mapointi 76 pa masewera 100. Munthu akacita bwino kuposa zimene zinayembekezedwa, nambala yace ikwera; akacita mocepera, itsika. Mwacitsanzo, pakati pa osewera acikulire ozolowera amene sanafike pa 2400, wopambana mnzace wofanana naye aonjezera 10, wogonjayo nataya 10. Koma akagonjetsa munthu womposa ndi 200, aonjezera pafupifupi 15, pamene wamkuluyo akapambana aonjezera 5 cabe. Kwa oyamba kumene ndi kwa ana ocepera zaka 18 amene sanafike pa 2300, nambala iyenda mofulumira kawiri, kuti mphamvu zao zenizeni zidziwike msanga.

Kucokera mu March 2024 nambala yotsikitsitsa imene FIDE isindikiza ndi 1400. Wofuna dzina la International Master ayenera kufika pa 2400, ndipo wofuna la Grandmaster ayenera kufika pa 2500, kuonjezera pa kucita bwino m'mipikisano ya akatswiri a maiko osiyanasiyana. Nambala yapamwamba koposa imene munthu anafikapo ndi 2882, ya Magnus Carlsen wa ku Norway mu 2014.

Ubwino wa nambalayi ndi wakuti ilibe tsankho. Siifunsa mtundu wa munthu, cuma ca atate wace, kapena ngati agona m'nyumba ya malata kapena ya udzu. Mwana wa mlimi wa ku Chadiza akagonjetsa mwana wa nduna, nambala ya mwana wa mlimiyo ikwera, ndipo palibe kalata ya munthu wamkulu imene ingathe kuitsitsa.

VUTO LA KUMIDZI

Koma pali cinthu cimodzi cimene awerengi ayenera kucimvetsa bwino. Munthu salandira rating posewera pansi pa mtengo kapena pa khonde la sitolo, ngakhale atagonjetsa mudzi wonse. Ayenera kusewera masewera osacepera 5 ndi anthu amene ali nayo kale nambalayo, mu mpikisano wolembedwa kwa FIDE kudzera m'bungwe la dziko, limene muno ndi Chess Federation of Zambia, ndiponso woyang'aniridwa ndi woweruza wa cilolezo. Apa ndi pamene mwana wa kumudzi atsalira. Kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 570, ndipo wa ku Lundazi kapena ku Chama ali ndi ulendo wautali koposa pamenepo. Ndalama za basi, cakudya ndi malo ogona nzosatheka kwa banja lodalira cimanga ndi nshawa. Cotero mwana wanzeru angathe kukula, kukwatira ndi kukalamba, dziko osadziwa kuti anali ndi mphatso yotere.

Kuti mphatso ilipo muno m'Zambia palibe cikaiko. Amon Simutowe anaphunzitsidwa chess ndi mkulu wace akali mwana wa sukulu, ndipo ali ndi zaka 14 anakhala ngwazi ya dziko lino. Mu 1998 analandira dzina la International Master. Mu 2000, pa mpikisano wa acinyamata a dziko lonse ku Yerevan m'dziko la Armenia, anagawana malo aciwiri. Mu 2007 anapambana mpikisano wa ku Arnhem m'dziko la Netherlands, natsiriza mayeso ace a ukatswiri, koma anagwirabe nchito zaka zina ziwiri kuti nambala yace ifike pa 2500. Mu 2009 anakhala Grandmaster, woyamba m'maiko onse a mu Africa a kumwera kwa cipululu ca Sahara. Chess inamtsegulira khomo la maphunziro pa University of Texas ku Dallas, ndipo pambuyo pace anaphunzira ku Oxford.

Si iye yekha. Mu 2018, pa mpikisano wa maiko wa Olympiad ku Batumi m'dziko la Georgia, Andrew Kayonde analingana mphamvu ndi Vassily Ivanchuk wa ku Ukraine, mmodzi wa akatswiri oopedwa pa dziko lonse, amene nambala yace inali kutali pamwamba. Dziko lino lalandiraponso mpikisano wa ngwazi za mu Africa, ku Lusaka mu 2005 ndi ku Livingstone mu 2018. Funso loyenera kufunsidwa ndi ili: ngati dziko lapeza anthu otere pofufuza makamaka m'matauni a m'mbali mwa njanji, lingapeze angati litafufuza m'midzi yonse?

Anthu a Kum'mawa si alendo pa masewera a nzeru. Munthu wodziwa nsolo awerenga maenje ndi miyala m'mutu asanagwire mwala, naona pamene dzanja lace lidzathera, naonanso cimene mnzace adzacita pambuyo pace. Luso limeneli ndi lomwelo limene chess ifuna. Nsolo iyenera kusungidwa ndi kulemekezedwa monga cuma ca makolo. Kusiyana kwace ndi kwakuti chess ili ndi njira yolembedwa yocokera pa sukulu ya kumudzi kufika ku maiko akutali, ndipo nambala ya munthu imveka cimodzimodzi ku Katete ndi ku Moscow.

ZOKANA ZA ENA

Alipo makolo amene anena kuti awa ndi masewera a Azungu. Mbiri itsutsa zimenezo. Chess inayambira ku India zaka pafupifupi 1,500 zapitazo, nipita ku Persia, ndipo Aluya ndiwo anaifikitsa ku Ulaya. Lero yabwerera kwao ndi mphamvu. India analibe Grandmaster ngakhale mmodzi kufikira mu 1988, pamene Viswanathan Anand analandira dzinalo. Pofika mu December 2024, mnyamata wa ku India wa zaka 18, Gukesh Dommaraju, anagonjetsa Ding Liren wa ku China ku Singapore, nakhala ngwazi ya dziko lonse. Zimenezi zinadza cifukwa ca makalabu, aphunzitsi ndi mipikisano yambiri ya m'mizinda, imene inapatsa ana mpata woyesa mphamvu zao.

Ena anena kuti masewera aphunzitsa ulesi, ndipo mwana ayenera kukhala kumunda kapena pa buku. Mau awa ali ndi coonadi cace. Chess siilowa m'malo mwa khasu kapena samu, ndipo palibe ayenera kulonjeza makolo kuti mwana wosewera adzakhoza mayeso popanda kuwerenga. Mwana amene athawa nchito cifukwa ca bolodi ayenera kudzudzulidwa. Koma makolo ayeneranso kuona zimene malamulo a mpikisano aphunzitsa. Munthu akagwira wankhondo wace mwadala ayenera kumsuntha, palibe kubweza dzanja. Ici ndi ciphunzitso ca kuganiza asanacite. Aliyense ali ndi nthawi yace pa koloko, ndipo ikatha wagonja. Ici ndi ciphunzitso ca kusunga nthawi. Aliyense alemba pa pepala kusuntha kwace ndi kwa mnzace, kotero kuti pambuyo pace aona yekha pamene analakwa, osanamizira mankhwala kapena tsoka. Osewera agwirana canza poyamba ndi potsiriza. Munthu wopezeka ndi foni m'thumba pa nthawi ya masewera agonja pomwepo, pakuti makina a masiku ano aposa munthu aliyense, ndipo kufunsa makina ndi kuba.

Enanso aopa kuti ana adzalowa m'njuga. Mantha amenewa ngoyenera m'masiku ano, pamene nyumba zobecherana zafika ngakhale m'matauni aang'ono. Koma mu chess mulibe mwai, mulibe makhadi obisika, mulibe maere. Zonse zili poyera pa bolodi. Mnyamata amene wazolowera kupambana ndi mutu wace aphunzira kukaikira cuma codza mwa mwai. Cofunika ndi cakuti aphunzitsi aletse kubecherana ndalama pa makalabu a sukulu kuyambira tsiku loyamba.

ZOYENERA KUCITIKA

Mankhwala a vutoli si kutumiza ana onse ku Lusaka. Mpikisano ndiwo uyenera kudza kwa ana. Boma lililonse la m'cigawo cino, Chipata, Katete, Petauke, Lundazi, Chadiza, Nyimba ndi ena onse, liyenera kukhala ndi mpikisano wace wa caka ndi caka, pa tsiku lodziwika, m'nyengo ya cilimwe pamene zokolola zili m'nkhokwe ndipo miseu ili bwino.

Zofunika nzocepa. Pali njira yokonzera mpikisano yochedwa Swiss, imene inayamba ku Zurich mu 1895. Mu njira imeneyi palibe wocotsedwa. Wopambana akomana ndi wopambana mnzace, wogonja ndi wogonja mnzace, ndipo aliyense asewera kufikira kumapeto. Anthu 32 angathe kupeza ngwazi yao m'magawo 5 okha, Loweruka ndi Sondo. Afunika mabolodi 16, makoloko 16, mapepala olembapo, holo ya sukulu, ndi woweruza mmodzi wa cilolezo. Afunikanso osewera angapo okhala ndi rating kale, kuti ana a kumaloko ayambe kupeza nambala zao posewera nao. Kulipirira ulendo wa alendo asanu kapena asanu ndi mmodzi nkocepa kwambiri poyerekeza ndi kunyamula ana makumi atatu kupita nao ku mzinda waukulu. Pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, boma limenelo lidzakhala ndi anthu ace okhala ndi nambala, ndipo silidzadaliranso alendo monga poyamba.

Nchitoyi ili ndi eni ace. A Chess Federation of Zambia ayenera kuphunzitsa oweruza ocokera m'cigawo momwemuno, makamaka aphunzitsi, ndi kulembetsa mipikisano ya m'maboma kuti iwerengedwe. Akuluakulu a maphunziro ayenera kuika chess pa ndandanda ya masewera a masukulu pamodzi ndi mpira ndi liwiro. Makhansala akumbukire kuti mu 2022 Boma linakweza thumba la citukuko la CDF kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu. Nzoona kuti zipatala, mijigo ndi madesiki ziyenera kukhala patsogolo, koma pokambirana za acinyamata, mtengo wa mabolodi ndi makoloko ngocepa kotero kuti kulephera kuwagula sikungakhale cifukwa ca kusowa ndalama. Amalonda a m'matauni, amene apeza phindu kwa alimi caka ciliconse, angathe kupereka cikho ndi mphotho. Mafumu, amene mau ao amveka m'midzi, alimbikitse makolo kulola ana ao, asungwana pamodzi ndi anyamata, pakuti pa bolodi mphamvu za thupi zilibe nchito. Ndipo sukulu imene ilibe ndalama isadikire: mmisiri wa matabwa wa m'mudzi angathe kupala bolodi, ana nasema ankhondo ndi mitengo kapena kuumba ndi dothi, kuti kuphunzira kuyambe.

Akale anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mwana wogonjetsa anzace a m'kalasi masiku onse saphunziranso kanthu, ndipo ayamba kudzitama pacabe. Ayenera kukomana ndi womposa, kugonja, kubwerera kunyumba ndi pepala lace, kuona pamene anaphonya, ndi kudzayesanso caka camawa. Anthu a ku Moscow anacita mpikisano wao nkhondo ili pakhomo, ndi njala m'mimba. Zambia ali pa mtendere kuyambira pa ufulu mu 1964, ndipo masukulu a m'midzi ngodzaza ndi ana. Cotsala ndi cakuti mphunzitsi wamkulu mmodzi atsegule holo, khansala mmodzi aimirire m'msonkhano, ndipo tsiku la mpikisano woyamba lilembedwe pa kalendala ya boma lililonse caka cino cisanathe.